Bondo Likavulala, Dokotala Apime Bondo

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Mtendere. Akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 amasewera mpira m'timu ya pa koleji. Atavulala bondo, adokotala a timuyo anatseka chitseko, anamuuza kuti avule zonse, kenako n'kumugwira mawere. Mwanayu akuti mwina ndi mmene amapimira. Kodi n'zoona?"

Amayi, mwachita bwino kulemba. Yankho langa ndi lakuti ayi. Popima bondo timalipinda, kulitambasula, kukoka mwendo pang'ono kuti tione ngati mtsempha waduka, kenako kuliyerekeza ndi bondo linalo. Zonsezi zimatheka wosewera atavala kabudula wake. Nthawi zina timapimadi malo obisika, monga mnyamata akamamva ululu m'chinena ndipo tikuganiza kuti ndi hernia. Koma pamenepo dokotala amayamba wafotokoza chifukwa chake, amapempha chilolezo, amavala magolovesi, ndipo m'chipindamo mumakhala namwino. Wodwala akati "basi", dokotala amaleka.

Mawu a mwana wanu akuti "mwina ndi mmene amapimira" ndi amene andipweteka mtima, chifukwa ndi omwewo amene amabisa anthu otere kwa zaka zambiri. Ku America, Richard Strauss anali dokotala wa osewera pa yunivesite ya Ohio State kuyambira 1978 mpaka 1998. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti anachitira nkhanza za chisembwere ophunzira aamuna osachepera 177, ndipo ogwira ntchito ena pa sukuluyo ankadziwa za madandaulo kuyambira 1979. Iye anamwalira mu 2005 asanaimepo m'khoti. Dokotala wina, Larry Nassar wa ku yunivesite ya Michigan State, ankauza atsikana kuti zimene akuwachita ndi chithandizo cha msana, nthawi zina makolo ali m'chipinda momwemo. Mu January 2018 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 40 mpaka 175. Choncho musamudzudzule mwanayu kuti bwanji sanakuwe. Munthu wovala khoti loyera tonse tinaleredwa kumumvera.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Matero. Akuti: "Ifenso zimatichitikira, koma ukadandaula kochi amakuika pa benchi. Ndipo ine ndine mwamuna, anzanga adzandiseka."

Mwana wanga, onse aja 177 anali amuna, ambiri a iwo osewera amphamvu zedi, ena ochita masewera ogwetsana. Manyazi ndi a amene anakugwirayo. Za benchi ndikukumvetsa. Dokotala wa timu ndiye amasaina kuti wachira, kochi ndiye amasankha osewera, ndipo awiriwa amadyera mbale imodzi. N'chifukwa chake ndimati dandaulo lisathere m'timu. Kuno kwathu tinaona mmene zimavutira kudandaula za munthu amene wagwira tsogolo lako. Mu 2022 bungwe la mpira la FAZ linapereka ku FIFA nkhani zoneneza za chisembwere m'timu ya Copper Queens, ndipo mu 2023 FIFA inavomera kuti yalandira dandaulo lokhudza kochi Bruce Mwape. Iye anakana. Ameneyo anali kochi, osati dokotala, koma mantha a osewera ndi omwewo.

Tsono nonse awiri, mverani. Lembani lero lomwe tsiku, malo, zimene dokotalayo ananena ndi zimene anachita. Mauthenga a pa WhatsApp musafufute. Pitani ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi, kapena ku One Stop Centre ya ku UTH, kumene mumapeza azaumoyo, aphungu ndi apolisi pamodzi. Lembaninso kalata ku Health Professions Council of Zambia, bungwe limene limapereka ndi kulanda chiphaso cha dokotala. Mukafuna kuyamba mwalankhula ndi phungu, imbani 933 kwaulere, ndipo ana osakwana zaka 18 aimbe 116. Kugwira munthu malo obisika popanda chilolezo ndi mlandu pa gawo 137 la Penal Code, ndipo chilango chake chimayambira pa zaka 15.

Amayi a ku Mtendere, wina akabwera kunyumba kudzati tikambirane pachibale, musalandire ndalama. Mufunseni mwana wanu ngati ali wokonzeka, ndipo mawa mumuperekeze nokha ku polisi.