Galu wa Agogo: Kusankha, Kudyetsa ndi Kupewa Chiwewe

Kwa mabanja a ku Maniamba ndi midzi yonse ya m'boma la Lago

M'makomo ambiri agogo amaswera okha. Ana ali kumunda kapena atsikira ku Metangula kukagula usipa, adzukulu ali kusukulu. Galu wabwino amawakhazika mtima pansi, chifukwa amauwa mlendo akamafika ndiponso amapirikitsa anyani m'chinangwa. Koma galu wongotola akhoza kuwagwetsa, kuwaluma kapena kubweretsa matenda pakhomo.

Galu wake akhale wotani?

Sankhani wachikuda. Agalu akonkuno anazolowera kutentha, sadwaladwala ndipo amakhuta ndi chakudya cha pakhomo. Agalu akuluakulu amene ena amabwera nawo kuchokera m'tauni, monga Boerboel, Rottweiler ndi German Shepherd, amafuna nyama yambiri ndi mwini wamphamvu. Boerboel amatha kupitirira makilogalamu 60. Akangowadumphira agogo, ngakhale mosewera, agwa, ndipo fupa la m'chiuno la munthu wokalamba likathyoka limavuta kupola.

Sankhani wamsinkhu wapakati, wosapitirira m'mawondo. Wamng'ono kwambiri amazungulira m'miyendo, ndipo agogo amene maso ayamba kuchita khungu akhoza kupunthwa naye.

Sankhani wamkulu kale, wa zaka 2 kapena kuposerapo. Kamwana kagalu kamaluma posewera, kamakanda, ndipo khungu la agogo silichedwa kung'ambika. Galu wamkota sakandira pachabe: akauwa ndiye kuti waona kanthu.

Mutengeni kwa munthu amene mukumudziwa, ndipo mufunse ngati galuyo anabayidwa katemera. Pitani ndi agogo akamuone okha. Galuyo akamaonetsa mano munthu akayandikira mbale yake, kapena akamathawa ndi kubisala, musiyeni. Galu woyendayenda wosadziwika kwawo musamusunge.

Adye chiyani?

Nsima yokha, kaya ya chimanga kaya kondowole, imangodzaza mimba koma siyimanga thupi. Sakanizani ndi usipa kapena bonya wophika, dzira lowiritsa, dzungu kapena mbatata yophika. Phala la gaga lothira nsomba zosinja ndi lotsika mtengo ndipo ndi lokwanira bwino.

Galu wamkulu adye kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Kamwana kagalu kadye katatu kapena kanayi. Akhale ndi mbale yakeyake, yosasakaniza ndi za anthu, ndipo madzi oyera asasowe pamthunzi. Kuti mudziwe ngati akukhuta, sisitani m'nthiti mwake. Nthiti zizimveka m'manja koma zisamaonekere patali.

Izi musamupatse:
- minga ya chambo ndi kampango, ndiponso mafupa a nkhuku ophika, chifukwa amabaya kukhosi ndi m'matumbo
- anyezi ndi adyo, chifukwa zimaononga magazi a galu
- chinangwa chowawa chachiwisi ndi madzi amene munaviikamo chinangwacho
- masese, mowa ndi ndiwo zamchere wambiri
- nyama ya chiweto chofa chokha
- mankhwala a anthu monga panado ndi brufen

Mapiritsi a agogo ndi mankhwala a makoswe muziika pamwamba pamene galu sangafike.

Onetsetsaninso mbale ya agogo. Okalamba ambiri amagawira galu ndiwo zawo iwo n'kugona ndi njala. Pophika muziwerengeratu gawo la galu, kuti la agogo lisachepe.

Chiwewe chimapha, koma chimapeweka

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu. Chimalowa ndi malovu, galu akaluma, akakanda kapena akanyambita chilonda. Zizindikiro zikayamba kuoneka pa munthu, palibenso mankhwala ochiza.

Bayitsani galu akakwana miyezi 3, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Funsani kwa amfumu, kwa alangizi a ziweto kapena ku ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto (SDAE) ku Metangula za masiku a katemera. Pa 28 September dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Agalu 7 mwa 10 alionse m'mudzi akabayidwa, matendawa amaleka kufala, choncho kumbutsani ndi anansi anu omwe.

Chenjerani ndi galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akuluma chilichonse, akulephera kumeza kapena wazizira miyendo. Musamugwire, ndipo musapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti watsamwa fupa.

Munthu akalumidwa

1. Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15.
2. Musathirepo phulusa, tsabola, ubweya wa galu kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamange balalo mothina.
3. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono. Akakutumizani ku Metangula kapena ku Lichinga, musazengereze.
4. Malizani jakisoni yense pa masiku amene akuuzani.
5. Ngati galuyo ndi wapakhomo, mutsekereni kwa masiku 10 ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Musadikire masikuwo kuti athe musanapite kuchipatala.

Ukhondo wa tsiku ndi tsiku

Galu agone pakhonde kapena m'kanyumba kake, osati pamphasa ya agogo. Asanyambite nkhope kapena zilonda zawo, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga. Kwirirani ndowe zake, chifukwa zimafalitsa njoka za m'mimba kwa ana osewera padothi. Mufufuzeni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo funsani alangizi za mankhwala a njoka za m'mimba ndi utitiri. Mukamugwira, sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Galu wofula sayendayenda kwambiri ndipo samenyana kawirikawiri ndi agalu a m'midzi ina. Ntchito yofulayo aigwire odziwa za ziweto.

Musanabweretse galu, khalani pansi pabanja ndi kuwafunsa agogo ngati akumufunadi. Akavomera, sankhani mwana kapena mdzukulu wamkulu mmodzi amene azimusambitsa, kumugwira chingwe ndi kupita naye ku katemera. Ngati palibe wotero, dikirani kaye mpaka atapezeka.