Majakisoni Atatu Amene Ndinathyola

Inu anyamata a pa boda, amene mumathamangira malole akangoima pa Cassacatiza, wina kusinthitsa makwacha ndi meticais, wina kusakira adalaivala nkhuku, khalani pansi ndikuuzeni za mwana wa mlongo wanga. Dzina sinditchula, mayi ake akadali moyo.

Anapita ku Joni ali mnyamata wa mphamvu zake. Pobwera sankavula malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atamanga lamba pamkono, jakisoni ali m'manja. Anayamba ndi kusuta nyaope, ufa wa heroin wothira m'chamba, ndipo utsi utasiya kumukwana analowa ku singano. Ine monga malume ake ndinamukwapula, ndinathyola majakisoni ake onse atatu, n'kumuuza kuti kukacha ndikamusiya kupolisi. Usiku womwewo anakwera lole yopita ku Beira.

Ndinkati ndagwira ntchito ya umalume. Chikhalirecho chibaba sichikhala m'jakisoni. Thupi lozolowera heroin likaisowa limatsegula m'mimba, thukuta kamukamu, mafupa kuphwanya ngati malungo. Munthu wotere adzabaya basi, kaya mwamutukwana kaya mwamupempherera. Ine ndinangomulanda singano zake, iye n'kukabwereka za anzake. M'kadontho ka magazi kotsalira m'singano, kosaoneka n'komwe, ndi mmene HIV ndi hepatitis C zimakwerera ulendo. Kafukufuku wa 2014 ku Maputo anapeza kuti pafupifupi theka la anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo anali ndi HIV. Yerekezani ndi kafukufuku wa INSIDA wa 2021, amene anapeza akuluakulu 12 kapena 13 pa 100 alionse m'dziko lonse la Mozambique.

Mawu oti kupolisi aja ndiwo amandiwawa kwambiri. Lamulo la 3/97 limati kugwiritsa ntchito mankhwalawa ndi mlandu, ndipo woopa selo amaopanso chipatala. Heroin imachokera ku Afghanistan, imatsika m'mabwato pagombe la Cabo Delgado ndi Nampula, n'kutsetsereka pamsewu kupita ku South Africa. Koma wogona pasimenti kawirikawiri ndi mnyamata wa kapepala kamodzi m'thumba. A Portugal, atsamunda athu akale omwewo, anasintha mu 2001: wopezeka ndi pang'ono pongogwiritsa yekha sapita naye kukhoti la milandu, amamuonetsa njira ya chithandizo. Odzibaya otenga HIV anachepa kwambiri kumeneko. Ku Mafalala, mu Maputo, madokotala a MSF ndi bungwe la UNIDOS anatsegula malo mu 2018 operekera singano zatsopano ndi kuyeza magazi, ndipo mu 2020 mumzindamo unayamba kuperekedwa methadone, mankhwala akumwa oziziritsa chibaba.

Maputo ndi kutali, ndikudziwa. Koma musaiwale kuti magulu a GAAC anabadwira kuno ku Tete mu 2008: anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, mmodzi n'kumapita kuchipatala kukatengera onse ma ARV, mosinthana. Nzeru imeneyi mayiko ena anadzaphunzira kwa ife. Ndiye tingalephere bwanji kusunga mnzathu mmodzi wodzibaya?

Amene simunayambe, musayambe. Ufa umenewu suseweredwa. Koma ngati mnzanu walowamo kale, musamuthawe. Muuzeni kuti singano sabwerekana, ngakhale ndi m'bale wa bere limodzi, ndipo supuni, thonje ndi madzi osungunulira nazonso aliyense zake. Za ku Joni zija amazitcha bluetooth, zopopa magazi a mnzako amene wangobaya kumene n'kudzibaya nawo, n'kudzithira matenda ndi manja ako. Zikachitika kuti wabayidwa ndi singano ya wina, kapena kondomu yaphulika, kaya ndi Jeito wa mbali ino kaya Maximum wa ku Chanida, thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe mukapemphe PEP, mapiritsi a masiku 28 oteteza ku HIV. Funsaninso za PrEP, mankhwala odzitetezera ku HIV zisanachitike. Ndipo wina asakunamizeni kuti wodzibaya sayenera kulandira ma ARV mpaka atasiya. Ndi ufulu wake ngati wa wina aliyense, ndipo za magazi ake si zokambidwa pamsika.

Mnzanu akakomoka atabaya, milomo itada, akupuma patalipatali, musathawe poopa apolisi. Mugonekeni chammbali, pezani njinga yamoto, mukanene zoona kwa anamwino. Alipo mankhwala otchedwa naloxone amene amadzutsa munthu wotere, koma mochedwa sathandiza.

Wathuyo anabwerako patatha zaka ziwiri, atatha ngati nkhuni, ali ndi HIV. Amamwa ma ARV, thupi linabwerera, amalima nafe. Kubaya sanasiyiretu, amatha miyezi, kenako amagwanso. Mayi ake amapemphera. Ine ndikapita ku Katete ndimagula majakisoni atsopano m'sitolo ya mankhwala, ndimawakulunga m'pepala, n'kuwasiya patsindwi la nkhokwe ija. Sitinakambiranepo za zimenezi. Akale ndimawapeza m'botolo lotseka bwino, pamalo omwewo.