Ahedi Akakuitanani Kuti Mwana Wavuta M'kalasi

Amene munaphunzira ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, munakonzekera kuthandiza ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Koma mukafika pasukulu, nkhani imene ahedi amakuitanirani kawirikawiri imakhala ina: mwana akumenya anzake, akuluma, akung'amba makope, akuthawa m'kalasi. Ku America kuli akatswiri olembedwa ntchito yoona za khalidwe la ana basi. Kuno kwathu ntchitoyo imagwera inu, mwinanso muli ndi sukulu zingapo za m'zoni zoti muziyendera. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, ndipo ndondomeko ya boma ya 2017 mpaka 2021 inanenetsa kuti ana a zosowa zapadera aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Mwanayo ndi wa m'kalasi momwemo, ndipo thandizo lake liyenera kutheka momwemo.

Yambani ndi kumvetsera mphunzitsi wa kalasiyo mpaka amalize. Watopa, mwinanso walumidwapo kale. Adzakuuzani kuti mwanayo ndi wosamva, wamwano, wopanda khalidwe. Mawu amenewa simungagwire nawo ntchito. Mufunseni kuti mwanayo amachita chiyani chimene munthu woima pazenera angachione. Yankho lizimveka chonchi: amaponya kope pansi n'kutuluka, amatsina amene wakhala naye pafupi, amadzimenyetsa mutu kukhoma. Zikachuluka, sankhani chimodzi, ndipo chimene chingavulaze munthu chikhale patsogolo. Kulongolola ndi kuyendayenda zidikire kaye.

Musanakambe za khalidwe, fufuzani za thupi. Itanani makolo kapena agogo amene akumulera, abwere ndi kabuku kake ka kuchipatala. Afunseni ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka. Kafukufuku amene anachitikira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wotsogozedwa ndi Gretchen Birbeck ndipo anasindikizidwa mu 2010, anaonetsa kuti ena mwa ana ochira malungo a mu ubongo amadzayamba khunyu, kusakhazikika ndi ukali patapita nthawi. Makolo ambiri saziphatikiza ziwirizi, chifukwa mwanayo anatuluka m'chipatala akuyenda yekha. Khunyu nalonso si logwetsa pansi lokha. Lilipo lina limene mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, osayankha, ndipo mphunzitsi amayesa kuti akumunyozera. Ngati akumwa phenobarbitone, dziwani kuti mankhwala amenewa amachititsa ana ena kusakhazikika ndi kupsa mtima msanga. Musawauze makolo kuti asiye kumumwetsa, n'zoopsa. Alembereni kakalata kofotokoza zimene mukuona kuti akapereke kwa adokotala.

Yang'ananinso m'makutu ngati mukutuluka mafinya. Muimitseni kumbuyo kwa kalasi awerenge kapena atchule zimene zili pabolodi. Funsani ngati amadya asananyamuke, nanga amagona bwanji. Pasukulu pamene pali phala, onani ngati vutolo limachitika asanamwe kapena atamwa. Mwana amene anali wofatsa n'kusintha mwadzidzidzi, kapena akuchita zogonana zosagwirizana ndi msinkhu wake, akhoza kukhala kuti akuchitidwa nkhanza. Nkhani yotero musaisunge mumtima. Dziwitsani ahedi ndi wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, kapena apolisi a Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo lamulo loteteza ana la 2010 lili kumbali yanu.

Makolo ena adzakuuzani kuti anamulodza, kapena kuti ali ndi ziwanda. Musawaseke, musatsutsane nawo. Mukatero sabweranso. Apempheni kuti pamene akupita naye kumapemphero, kuchipatala asakusiye.

Tsopano pakubwera gawo limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi pamene pagona ntchito yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani kumbuyo kwa kalasi masiku angapo, pa maphunziro osiyanasiyana, osalowererapo pokhapokha wina akuvulala. Tsamba la kope muligawe patatu: chimene chinachitika asanayambe, chimene iye anachita, ndi chimene chinatsatira. Lembaninso nthawi. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9 wa Sitandade 3. M'kope mwanu mwalembedwa izi:

Lachiwiri, 8:40. Aphunzitsi alemba ndime pabolodi, auza ana kuti akopere. Mnyamata ayang'ana bolodi, asuzumira kope la mnzake, atafuna pensulo. Atsina mnzakeyo pantchafu. Mnzakeyo alira. Aphunzitsi: "Tuluka, ukasese kuseri kwa ofesi!" Atuluka mosanyinyirika, atola tsache.

Lachitatu zomwezo, Lachinayi zomwezo. Koma pa nthawi yoimba satsina, pa masamu oyankha pakamwa satsina, ndipo amakwezanso mkono. Apa nkhani yaoneka poyera. Mnyamatayu savutika ndi mnzake, amavutika ndi kulemba, ndipo wazindikira kuti akatsina munthu amatulutsidwa kulemba kusanathe. Chimene aphunzitsi akuchiyesa chibalo, kwa iye ndi mpumulo, ndipo tsiku lililonse limene amutulutsa akumuphunzitsa kuti mawa adzatsinenso.

Khalidwe lobwerezabwereza limakhala ndi chimene limamupindulira mwana. Nthawi zambiri amakhala akuthawa chinthu chomuvuta, akufuna kuti wina amuone, akufuna chinthu chogwirika monga chakudya kapena mpira, kapena thupi lake likufuna kapena kukana china chake, monga mwana wa autism amene amatseka makutu n'kukuwa kalasi yonse ikamayankha pamodzi. Ana awiri akhoza kutsina mofanana pa zifukwa zosiyana. Wofuna kuonedwa, kumukalipira pamaso pa anzake ndiye kumupatsa chimene amafuna. N'chifukwa chake njira imene inathandiza mwana wa chaka chatha siingangotengedwa n'kuikidwa pa wa chaka chino.

Mukadziwa chifukwa, khalani pansi ndi mphunzitsi wa kalasi, awiriwiri, osati pamaso pa ahedi. Musonyezeni kopelo aone yekha. Kenaka gwirizanani zosintha zisanafike povuta. Kwa mnyamata uja, akhale kutsogolo pafupi ndi bolodi, pambali pa mnzake wodekha. M'malo mwa ndime yonse, akopere mizere iwiri yolembedwa papepala loikidwa pafupi ndi kope lake. Kurisosi senta, kumene mumathandizira ana a zosowa zapadera, muzimuthandiza kulembako, chifukwa gwero la vuto lili pamenepo. Kwa mwana wa autism, jambulani zithunzi za tsiku lake motsatana pa chikatoni: mzere wa m'mawa, kuwerenga, phala, kusewera, kuweruka. Muzimuchenjeza chinthu chisanasinthe. Musapatse mphunzitsi wa ana 100 zochita khumi. Ziwiri zimene angazikumbukire choko chili m'manja n'zokwanira.

Kuletsa kokha sikuthandiza ngati mwana alibe njira ina yopezera chimene amafuna. Muphunzitseni njira inayo, ndipo ikhale yosavuta kuposa kutsina. Mnyamata uja mupatseni kakhadi kojambulidwa dzanja. Akakakweza, aphunzitsi amuthandiza kapena amulola kupuma mphindi ziwiri pakhomo, kenaka abwerera kudzamaliza mizere yake. Yeserani naye kurisosi senta ali wodekha, mobwerezabwereza, inu mukhale aphunzitsi iye akweze khadi. Masiku oyamba, akangokweza ayankhidwe pompo. Akakweza kawiri osaonedwa abwerera kotsina, chifukwa kutsina sikunamugwiritsepo mwala. Akazolowera, mphindi zopuma muzizichepetsa ndipo mizere muziionjezera.

Mphunzitsi wina adzati, "Ndiye kuti tikumulekerera, anzake aziona bwanji?" Funso lake n'lomveka. Muyankheni kuti pakali pano mwanayo akupuma kale phunziro lonse, ndipo mnzake akulira. Mphindi ziwiri zopempha mwaulemu n'zotsika mtengo. Ana enawo amamvetsa msanga mukawauza kuti monga wina amavala magalasi, uyu ali ndi khadi.

Chotsatira pa khalidwelo chisinthenso. Akatsina, asatulutsidwe. Aphunzitsi anene mawu ochepa mosakweza, "Sititsina," asunthe wotsinidwayo n'kumutonthoza, ndipo mizere iwiri ija ikhalebe ikumudikira. Akachita bwino amve msanga, ndipo amve chenicheni chimene wachita: "Wakweza khadi m'malo motsina, wachita bwino." Zitsekerero za mabotolo zimene ana amawerengera masamu zikhoza kukhala mphotho. Akasonkhanitsa zisanu, aimbe belu, afufute bolodi kapena anyamule kaundula kupita naye kuofesi. Phala lokha lisakhale mphotho kapena chilango. Mwana wanjala simungamuphunzitse kanthu.

Muchenjezeni mphunzitsiyo pasadakhale kuti masiku oyamba zinthu zikhoza kuipiraipira. Mwana akaona kuti kutsina sikukumutulutsanso, amatsina kwambiri kuti aone ngati zasinthadi. Mapulani ambiri abwino amafera apa. Ngati mwagonja tsiku limene watsina mwamphamvu, mwamuphunzitsa kuti mphamvuyo ndi imene imagwira ntchito. Masiku amenewo yesetsani kukhala m'kalasimo inuyo.

Tsiku lina adzalusa ndithu, mwina kugenda kapena kugubuduza desiki. Pamenepo si nthawi yolangiza. Tulutsani ana enawo, chotsani zimene zingavulaze, imani chapatali pang'ono cham'mbali, osamutsekera khomo. Munthu mmodzi yekha ndiye azilankhula, motsitsa mawu. Musamugwire pokhapokha akudzivulaza, akuvulaza wina kapena akuthamangira kumsewu, ndipo ngozi ikangotha mumusiye. Osamupanikiza pansi chafufumimba, osamukanikiza pachifuwa kapena pakhosi, chifukwa akhoza kubanika. Kumumanga chingwe, kumutsekera m'chipinda yekha kapena kumukwapula ndi nkhanza, ngakhale makolo atakupatsani chilolezo. Akadekha mupatseni madzi, ndipo zokambirana zidikire mpaka mtima utakhala pansi. Makolo amve kwa inu tsiku lomwelo, asamve kwa ana a m'mudzi. Akagwa khunyu, mugonekeni cham'mbali, mutetezeni mutu, osamuika supuni kapena chala m'kamwa. Kukapitirira mphindi zisanu, thamangirani naye kuchipatala. Auzeni ana ndi aphunzitsi kuti khunyu silopatsirana.

Zonse mwagwirizanazi zilembedwe patsamba limodzi, m'Chichewa kapena chilankhulo cha makolowo: khalidwe limene mukulimbana nalo, chifukwa chake, zimene aphunzitsi azichita, zimene makolo azichita kunyumba, ndi tsiku lokumananso. Pepala limodzi kwa aphunzitsi, lina kwa makolo, lina mufayilo yanu. Pokumana ndi makolo yambani ndi chimene mwana wawo amachita bwino. Ambiri mwa iwo sanaitanidwepo kusukulu pa nkhani yabwino. Ngati sakubwera, amayi a mother group amadziwa khomo lililonse, pitani nawo.

Aphunzitsi azingolemba kamzere pakona ya bolodi kapena m'kaundula nthawi iliyonse khalidwelo likachitika. Pakatha milungu itatu kapena inayi, yerekezani ndi masiku amene munayamba kuonerera. Kuchoka pa kasanu patsiku kufika pa kawiri ndi kupambana, ngakhale mphunzitsi wotopa adzanena kuti palibe chasintha. Manambalawo ndi amene angamutsimikizire. Ngati palibedi kusintha, funsani kaye ngati pulaniyo ikutsatidwa tsiku ndi tsiku. Ngati ikutsatidwa, ndiye kuti chifukwa munachiphonya, bwererani kumbuyo kwa kalasi ndi kope lanu. Zikapitirira mphamvu zanu, makamaka mwana akamadzivulaza, dziwitsani a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni yanu, ndipo mwanayo mutumizeni kuchipatala cha boma. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso pa za umoyo wa m'maganizo.

Chaka chikamatha musadikire kuti sukulu itsegulire. Tengani tsamba lija mupite nalo kwa mphunzitsi wa kalasi yotsatira, mumuonetse khadi, mumufotokozere tanthauzo lake, ndipo ngati n'kotheka mwanayo akaone kalasi yatsopanoyo ndi malo ake okhala asanatsekere. Samalani kwambiri akamalowa Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi ndipo zolemba zimachuluka. Sabata yoyamba ya teremu, mukakhale nawo m'kalasimo.