Kupeta Mitanda ndi Mavesi pa Makina: Malangizo kwa Ochita Malonda a Zosokasoka

Zopetapeta zachikhristu zili ndi ogula chaka chonse: zikuto za Baibulo, matawulo a mphatso pa ubatizo ndi ukwati, nsalu za pa guwa, malaya a makwaya, ndi zikwama za amayi a Mvano, Chigwirizano ndi Dorika. Makina opetera amangotsata zimene zili mu fayilo. Katundu woyenda malonda amasiyana ndi wobwezedwa pa zimene wopeta wachita singano isanayambe kuyenda.

1. Kupeza dizaini

Fayilo iyenera kugwirizana ndi makina. A Brother amawerenga PES, a Janome JEF, a Husqvarna Viking ndi Pfaff VP3, ndipo aakulu a m'mafakitale monga Tajima amawerenga DST. Dizaini ikwanenso mu hupu, chomangira nsalu chija. Mahupu ambiri a makina a pakhomo ndi a masentimita 10 mbali zonse, kapena 13 ndi 18. Chithunzi cha mtanda chotumizidwa pa WhatsApp si dizaini, ndipo makina sangachisoke. Dizaini yabwino pa intaneti imagulidwa mwina madola awiri mpaka asanu, yaikulu imaposa pamenepo.

Laisensi iwerengedwe ndalama zisanatuluke. Ina imalola kupetera zapakhomo zokha, ina imalola kugulitsa katundu wopetedwayo, koma pafupifupi malaisensi onse amaletsa kugawa fayilo yeniyeniyo. Dizaini ya mtanda ili ndi mwini wake monga ina iliyonse. Chizindikiro cha mpingo kapena bungwe la amayi chimafuna chilolezo cha atsogoleri ake.

2. Kudziwa mpingo wa wogula

Mtanda wokhala ndi thupi la Yesu ndi wozolowereka kwa Akatolika, pamene mipingo yambiri ya Chipulotesitanti imafuna mtanda wopanda kanthu. Mipingo yotsata kalendala ya chipembedzo ili ndi mitundu yake: pepo pa Adventi ndi Lenti, yoyera pa Khirisimasi ndi Pasaka, yofiira pa Pentekoste, yobiriwira masiku wamba. Kufunsa sikuwononga ulusi.

3. Kukonza mawu

Vesi likoperedwe kuchokera m'Baibulo limene wogula amawerenga, osati pamtima. Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 amasiyana mawu m'malo ambiri, ndipo wogula amazindikira msanga pamene vesi lake lasinthidwa. Zilembo zambiri za m'makina zilibe ŵ, choncho wofuna chilembochi ayang'aniretu. Zilembo zochepera mamilimita 6 zimatsekeka mkati, e n'kumaoneka ngati o. Ngati vesi ndi lalitali, kulemba Salimo 23 kapena Yohane 3:16 pokha kumakongola kuposa mizere isanu yosawerengeka. Wogula aone mawu onse papepala ndi kuvomereza.

4. Kulimbitsa ndi kumanga nsalu

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Msoko uliwonse umakokera nsalu mkati pang'ono, ndipo dizaini imodzi imakhala ndi misoko zikwi zingapo. Duwa likapindika pang'ono palibe amadziwa. Mtanda ndi mizere iwiri yowongoka, ndipo ukapendekeka ngakhale mwana wa Sande sukulu amaona. Mizere ya vesi nayo imakwera ndi kutsika, nsalu yozungulira n'kuchita makwinya amene simbi singawachotse.

Chimene chimaletsa zimenezi ndi stabilizer, kansalu kolimbitsira koika kunsi. Ilipo ya mitundu itatu. Yong'amba ndi ya nsalu zosatamuka monga kanivasi ndi thonje lolimba. Yodula ndi lumo imatsalira kumbuyo kwa nsalu moyo wake wonse, ndipo ndiyo yofunika pa nsalu iliyonse yotamuka, monga masikipa ndi magofu a kwaya. Yosungunuka m'madzi imaikidwa pamwamba pa tawulo kuti zilembo zisamire mu ubweya; pansi pa tawuloyo pamafunikabe ina.

Cholakwa chofala ndi kuika yong'amba pa sikipa chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imachoka msanga. Tsiku lopereka katundu zonse zimaoneka bwino. Malaya akachapidwa kawiri, mtanda umafota ngati tsamba louma, ndipo kwaya yonse imadziwa amene anapeta. Nsalu yotamuka imafuna stabilizer yodula, ndipo lamuloli silisintha chifukwa oda ndi yaikulu kapena wogula akufulumira. Malangizo akuti nyuzipepala kapena pepala la pulasitiki zimagwira ntchito yomweyo ndi abodza. Nyuzipepala imang'ambika pamene singano yabaya kambirimbiri, imabunthitsa singano, ndipo fumbi lake limadzaza m'malo a bobini.

Kamangidwe ka mu hupu ndi kofunika chimodzimodzi. Nsalu ya thonje, kuphatikizapo chitenje, ichapidwe ndi kusitidwa kaye, chifukwa imafupika ikalowa m'madzi koyamba pamene ulusi wa poliyesita sufupika. Pakati pa dizaini palembedwe ndi choko, mzere woimirira ndi wopingasa, motsata ulusi wa nsaluyo. Stabilizer ikhale yaikulu kuposa hupu kuti igwidwe mbali zonse pamodzi ndi nsalu. Nsalu ikhale yosalala ndi yolimba, koma isatamulidwe. Ambiri akamanga hupu amayamba kukoka m'mphepete kuti ilire ngati ng'oma. Nsalu yokokedwa choncho imabwerera m'malo mwake ikamasulidwa, misoko n'kutsala itaunjikana. Ngati makwinya aoneka hupu itamangidwa kale, imasulidwe ndi kuyambiranso. Kukoka si kukonza.

Kenako dizaini iyesedwe pa chidutswa cha nsalu yomweyo, ndi stabilizer yomweyo, ndi ulusi womwewo. Kuyesa pa chigamba china chilichonse chimene chapezeka pansi pa tebulo n'kungodzinamiza. Choyesacho chitembenuzidwe: ulusi wa bobini uzioneka pakati pa msoko, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, wapamwamba uli mbali zonse ziwiri. Chichapidwenso, chiume, ndipo chionedwe. Mphindi 30 zoyesera n'zotsika mtengo kuposa nsalu ya pa guwa imene mpingo unasonkherana miyezi itatu. Dizaini ikakulitsidwa kapena kuchepetsedwa, iyesedwenso. Ndipo kusintha kukula kopitirira magawo 10 kapena 20 pa 100 aliwonse kumasiya mipata kapena kuunjika misoko mpaka kuthyola singano.

5. Kupeta ndi kumaliza

Singano ya 75/11 ndi ulusi wa poliyesita wa nambala 40 zimakwanira ntchito zambiri. Nsalu zotamuka zimafuna singano yansonga yobulungira. Poliyesita amapirira kuchapa ndi mankhwala oyeretsa, zimene ulusi wa rayon sungathe. Ulusi wagolide wa pa mitanda ya maguwa umaduka kawirikawiri, choncho umafuna singano ya bowo lalikulu ndi liwiro lochepa. Magetsi akazima pakati pa ntchito, nsalu isachotsedwe mu hupu. Makina akayaka abwezeredwe pa msoko umene anaimira. Pomaliza, timaulusi tolumikiza zilembo tidulidwe, stabilizer yodula isiyidwe pafupifupi theka la sentimita kuzungulira dizaini, ndipo nsalu isitidwe chakumbuyo itagonekedwa pa tawulo.

6. Kuika mtengo

Opeta ambiri amawerengera mtengo pa misoko 1,000 iliyonse. Dizaini ya misoko 10,000 pa makina osoka misoko 600 pa mphindi imatenga mphindi 17, koma kumanga, kusintha ulusi ndi kudula zimafikitsa ntchitoyo pafupifupi theka la ola kapena kupitirira. Mtengo uphatikize nthawi imeneyi, nsalu, stabilizer, choyesera, magetsi ndi gawo la mtengo wa dizaini. Pa oda ya gulu, theka la ndalama liperekedwe ntchito isanayambe, ngakhale ogulawo ndi abale a mumpingo womwewo. Ntchito iliyonse ilembedwe m'kope: dzina la fayilo, kukula kwake, nsalu, stabilizer ndi nambala za ulusi. Kwaya imene yagula malaya 30 chaka chino imabweranso ikalandira oimba atsopano, ndipo malaya awo ayenera kufanana ndi a anzawo.