Musanalembe Wokonza Pulogalamu ya Gulu Lanu

Amayi anzanga a kwa Chapananga, inu amene munaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 mukudziwa kuti kope la banki m'khonde silichedwa kuwonongeka. Mwina gulu lanu likuganiza zolemba mnyamata kapena mtsikana wodziwa kompyuta kuti akukonzereni pulogalamu yosungira masheya ndi ngongole pafoni. Ganizo ndi labwino, koma musagwirizane pakamwa pokha.

1. Lembani pangano. Mutchule ntchito yake, tsiku lomaliza, mtengo, ndi amene adzakonze pulogalamuyo ikavuta. Asayine iye, wapampando, msungichuma ndi mboni. Lipirani m'magawo, ndipo gawo lomaliza mupereke mutaiyesa nokha. Dziwaninso kuti mukamamubweretsa tsiku ndi tsiku n'kumamulipira pamwezi, lamulo la Employment Act la 2000 lingamuwerenge ngati wantchito wanu, woyenera tchuthi ndi zina.

2. Mwini wake ndani? Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera mabuku ndi nyimbo. Choncho pangano linene poyera kuti pulogalamuyo ndi ya gulu, ndipo wokonzayo apereke source code ndi mawu onse achinsinsi otsegulira. Mukapanda kutero, iye akasamukira ku Blantyre kapena ku Joni mudzatsala ndi nyumba yopanda kiyi.

3. Msonkho. Mufunseni nambala yake ya TPIN ya ku MRA, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi risiti. Ngati gulu lanu linalembetsa ku MRA, muyenera kudula withholding tax pa malipirowo, kuipereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, n'kumupatsa chikalata chosonyeza zomwe mwadula. Amene ali ndi setifiketi ya MRA yomuchotsera msonkhowu sadulidwa, koma setifiketiyo muione ndi maso anu.

4. Chinsinsi. Ife anamwino timaphunzitsidwa kuti za wodwala sizituluka pakhomo la chipatala. Ngongole ya mnzanu ndi chimodzimodzi. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, limafuna kuti mayina, manambala a foni ndi za umoyo wa anthu zisamalidwe. Wokonzayo alonjeze m'panganolo kuti sadzakopera kapena kuulula chilichonse.

Kope lakale musalitaye. Lizilembedwabe, ndipo lizikhala m'pulasitiki pamalo okwera.

Pa msonkhano wotsatira kambiranani funso ili: wokonza pulogalamu atachoka mawa, ndani mwa ife angatsegule kaundula wathu?