Thadzi Losadziwa Kupalasa: Mafunso ndi Mayankho pa Wailesi

MUULUTSI: Makalata ambiri a sabata ino ochokera kwa omvera a kuno ku Harare akufunsa za nkhuku zamazira zimene mafamu akuluakulu amagulitsa zikatopa kuikira, zija pamsika timangoti ma off-layer. Ambiri timazigula kuti zilowe mumphika, koma alipo ena amene akuzisunga. Alangizi a ziweto ali nafe muno. Bambo, ndiyambe ndi kalata ya mayi ena a ku Mufakose. Akuti: "Ndinagula nkhuku 6 ku Mbare Musika zoti tidyere alendo. Nditafika kunyumba ndinapeza imodzi yaikira dzira m'katoni momwemo, mtima unandigwira, ndinaleka kuzipha. Koma lero ndi tsiku lachitatu, zangounjikana pakona. Sizipalasa, chimanga sizitola, madzi sizimwa. Kodi ndinagula nkhuku zodwala?"

MLANGIZI: Zikomo mayi, ndipo mwachita bwino kulemba msanga. Ndiyambe ndi madzi, chifukwa nkhuku imafa ndi ludzu isanafe ndi njala. Pulogalamu ino ikangotha, gwirani nkhuku imodziimodzi, muviike nsonga ya mlomo wake m'madzi, kenaka muisiye. Muona ikukweza mutu n'kumeza. Kumene zachokerako madzi amabwera m'paipi, nkhuku n'kumajompha kachitsulo kodontheza. Madzi a m'beseni sizinawaonepo, ndiye zikhoza kuima pambali pake tsiku lonse osadziwa kuti n'chiyani. Ikangomwa imodzi, zinzake zimaonera pomwepo.

Tsono za kudwala. Sindinazione, koma zimene mwafotokozazi ndi khalidwe la nkhuku yochokera m'keji. Taganizani moyo umene yakhala. Nkhuku zofiira za mtundu wa Hy-Line kapena Lohmann zimayamba kuikira zili ndi masabata 18 mpaka 20, ndipo pafamu zimachotsedwa zikakwanitsa masabata 72 mpaka 80. Pa chaka chimodzicho thadzi limodzi limaikira mazira pafupifupi 300. Ngati linali m'keji, nthawi yonseyo laima pa waya. Ku Ulaya lamulo linkati nkhuku iliyonse ikhale ndi malo a masikweya sentimita 550, omwe sakwana n'komwe pepala la A4 ngati limene mwalembapo kalatayi. Maiko a European Union analetsa makeji otere kuyambira pa 1 January 2012, koma kuno kwathu akadalipo. Thadzi lotere silinapondepo dothi, silinaothepo dzuwa, silinatambasulepo mapiko onse awiri. Inu mwaliika pabwalo, mwamba monse muli poyera, galu akuuwa kuseri kwa mpanda, ana akuthamanga. Likuchita mantha basi.

Choncho zichepetsereni dziko. Masiku 4 kapena 5 oyamba zikhale m'khola lotseka, lofolera, pansi mutathira utuchi kapena udzu wouma. Chakudya ndi madzi zikhale pafupi, zisachite kufunafuna. Ndipo chimanga cha maso chija chichotseni kaye. Tayang'anani milomo yawo: ambiri mwa mathadzi amenewa anadulidwa nsonga ya mlomo ali anapiye kuti asamajomphane, ndiye kutola njere imodziimodzi pansi kumawavuta. Chomwe akudziwa ndi layers mash. Gulani kathumba kakang'ono, muthire m'mbale yakuya kuti mlomo uzilowa. Thadzi limodzi limadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, ndiye asanu ndi limodziwo sakufika n'komwe kilogalamu imodzi. Madeya, masamba a repu ndi nsima yotsala muyambe kuonjezera pang'onopang'ono pakatha masabata awiri, komanso muike timiyala ting'onoting'ono kapena mchenga wokhakhala, poti nthutumba ndiye mano a nkhuku.

Ndinene zimene zinandichitikira ine. Zoyamba kugula ndinazimvera chisoni kwambiri, moti tsiku lomwelo ndinazitsegulira kuti zikamve mphepo. Kunali mu December. Mvula inagwa madzulo ine ndili kutali, ndipo nkhuku zija sizinathawe, zinangoima pamtetete mvula n'kumazimenya, chifukwa sizinkadziwa kuti kuli kubisala. Ziwiri zinafa usiku womwewo ndi kuzizidwa. Mpaka lero zimandiwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Mukadzazitulutsa, mukhale pomwepo, ola limodzi lokha chakumadzulo, ndipo kukamada muzinyamule nokha kukaziika m'khola mpaka zitazolowera kulowa zokha.

MUULUTSI: Pa kunyamulapo, bambo, kumsika timaona akuzigwira miyendo mutu uli pansi.

MLANGIZI: Musatero, chonde. Chigoba cha dzira lililonse chimatenga pafupifupi magalamu 2 a calcium, ndipo chakudya chikapanda kukwanira, thupi limakatapa m'mafupa. Onjezerani kuti chaka chathunthu nkhukuyo sinayende. Mafupa ake ndi ofooka ngati bango louma. Igwireni ndi manja awiri, mapiko mutawapanikiza kuthupi. Mtengo wogonapo usapitirire masentimita 30 kuchoka pansi, ndipo masabata oyamba ngakhale kulibe palibe vuto. Kudumpha kuchoka pamwamba kukhoza kuithyola mwendo kapena fupa la pachifuwa.

MUULUTSI: Mtsikana wina wa ku Dzivarasekwa akuti zake n'zososoka khosi ndi msana, lipombo ndi lotuwa logwera mbali. Akufunsa ngati angazisokere tizovala, poti anaona pa Facebook.

MLANGIZI: Ayi mwanawe, tizovala tisiye. Nthenga zatsopano zimaphuka ngati timinga tokhala ndi magazi mkati, ndipo nsalu imazikhula. Nthenga za m'khosi zinatha ndi waya podya, zam'sana ndi kujomphana. Zimamera zokha m'miyezi iwiri kapena itatu ngati chakudya chili ndi zomanga thupi: layers mash, fumbi la matemba, inswa nthawi ya mvula. Chofunika ndi mthunzi, poti khungu lopanda nthenga limapsa ndi dzuwa la October, ndipo mu June ndi July tchinga khola ndi masaka usiku, Harare amazizira. Lipombolo lidzafiira lokha likayamba kuona dzuwa.

MUULUTSI: Kalata iyi yachokera ku Tafara, kwa bambo amene amaweta nkhuku zachikuda, ma roadrunner. Akuti: "Ndinasakaniza ma off-layer 4 ndi zanga zakale tsiku lomwelo. Tambala ndi mathadzi akale akuzijompha mpaka magazi. Mnansi wanga akuti ndizithirire gavakava (aloe) m'madzi ndipo ndizisiye zidzazolowerana. Nditani?"

MLANGIZI: Bambo, zipatuleni lero lomwe. Nkhuku ikaona magazi pa inzake siisiya, ndipo thadzi la m'keji silidziwa kuthawa, limangogwada n'kumalandira. Tsukani mabala ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, mupake mankhwala opopera pa mabala aja a mtundu wofiirira amene amagulitsidwa m'masitolo a za ulimi, chifukwa amabisanso kufiira kwa chilonda. Tambala asayandikire mpaka nthenga zam'sana zitamera. Zikhadabo zake pamsana wopanda nthenga zimang'amba khungu.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si ndewuyo. Nkhuku iliyonse yachilendo, kaya yachokera ku Mbare, kaya mwapatsidwa ndi achibale ku Murewa, iyenera kukhala payokha masabata atatu isanakumane ndi zanu. Kumsika zimakhala zitapanikizana ndi nkhuku zochokera kosiyanasiyana. Akuluakulu amene anakulira ku Dedza kapena ku Mulanje akudziwa chitopa, chimene kuno amati Newcastle: lero nkhuku zikuwodzera, mawa zikutsegula m'mimba zobiriwira, khosi lapindika, pakutha pa sabata khola lili gwaa. Gavakava anthu ambiri amathira, sindikuwanyoza, koma chitopa sachiza. Chitopa chilibe mankhwala, chili ndi katemera basi, wa LaSota kapena I-2, ndipo amafunika kubwereza miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Ma off-layer anabayidwa pafamu, koma mphamvu ya katemera imatha. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa zanu, ndiye gwirizanani ndi anansi a mumsewu mwanu, mutemere tsiku limodzi. Kumbukiraninso kuti mu 2017 chimfine cha mbalame cha H5N8 chinagwa pa famu ina yaikulu kufupi ndi Harare. Mukaona nkhuku zingapo zafa mwadzidzidzi, musadye, musagulitse, musataye m'ngalande. Dziwitsani a Department of Veterinary Services.

Vuto limayendanso mbali inayo. Zachikuda zanu zakulira m'dothi, matupi awo anazolowera njoka zam'mimba, utitiri ndi nsabwe. Zachilendozi sizinazizolowere. Zikakhala pansi mwezi umodzi, zipatseni mankhwala a njoka, ndipo muziyang'ana kunsi kwa mapiko ndi kuzungulira maso.

Masabata atatu akatha, ikani waya pakati kuti zizionana osakhudzana kwa sabata ina. Kenaka muziphatikize madzulo, ndipo muike mbale ziwiri za chakudya ndi ziwiri za madzi motalikirana, kuti thadzi lolusa lisatseke zonse. Kujomphana pang'ono kudzakhalapo, ndi mmene nkhuku zimadziwirana wamkulu ndani. Magazi okha ndiwo osalola.

MUULUTSI: Funso limene labwera kwambiri ndi ili, ndiwerenga la bambo a ku Epworth: "Sabata yoyamba zinkaikira tsiku lililonse. Tsopano zasiya. Kodi anandinamiza?"

MLANGIZI: Sanakunamizeni. Mazira a sabata yoyamba anali kale m'njira. Pambuyo pake thupi limamva kusintha. Pafamu magetsi amayaka kuti nkhuku ione kuwala maola pafupifupi 16 pa tsiku, poti kuwala ndiko kumauza thupi kuti liikire. Kuno ku Harare dzuwa limatipatsa maola pafupifupi 11 mu June ndi 13 mu December. Chachiwiri, nkhuku sipanga nthenga ndi mazira nthawi imodzi. Ikayamba kumera nthenga imaleka kuikira, ndipo ine ndimati ilekeni ipume, musaiyatsire nyali. Ikadzayambanso, mazira adzakhala aakulu kuposa kale koma ocheperapo, ndipo zigoba zake zidzafuna calcium. Sungani zigoba za mazira, muziumitse pamoto, muzisinje bwinobwino kuti zisaoneke ngati dzira, muziike m'kambale padera. Poyamba zidzaikira paliponse, ngakhale m'mbale ya chakudya, chifukwa chisa sizichidziwa. Ikani katoni ya udzu pakona pamdima, mkati muike dzira lophika kapena mwala wobulungira. Koma ngati mukuyembekeza kuti zidzakhalira mazira n'kukuswerani anapiye, iwalani. Mitundu imeneyi anaisankha dala kuti isamafungatire. Ntchito imeneyo ipatseni thadzi lachikuda.

Ndinenenso mosabisa. Ngati cholinga ndi bizinesi ya mazira, gulani misoti yoyamba kumene kuikira. Off-layer imadya mofanana ndi msoti koma imabweza zochepa. Ndi yabwino kwa banja lofuna mazira a ana m'mawa ndi manyowa a kadimba ka repu kuseri kwa nyumba.

MUULUTSI: Mwachidule, bambo, mayi ena a ku Kambuzuma amachita lendi, ndipo akuopa fungo ndi ntchentche.

MLANGIZI: Ayambe apempha eni nyumba, ndipo akafunse ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lawo, poti mzinda uli ndi malamulo a chiwerengero cha nkhuku ndi mtunda wa khola kuchoka pa nyumba. Fungo limachokera ku chinyezi. Pansi pakhale pouma, madzi asatayikire m'utuchi, chakudya chisagone panja kuitana makoswe. Mapuloti athu ndi aang'ono, nkhuku 4 kapena 5 zakwana. Tambala safunika kuti thadzi liikire, ndiye anansi sadzadandaula za phokoso.

MUULUTSI: Yomaliza yachokera ku Mabvuku, alembera ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake aakazi. Akuti agogo anasunga mathadzi atatu kwa chaka ndi theka. Limodzi tsopano latupa kumimba, likuyenda chowongoka mchira uli pansi, silikudya. Agogo akukana kuti liphedwe, akuti linakhala ngati mwana wa pakhomo.

MLANGIZI: Agogo, ndakumvani, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Thadzi limene munaliphunzitsa nokha kumwa madzi, n'kuliona tsiku loyamba likudzigwetsa m'phulusa, kugudubuzika, kutambasula phiko padzuwa maso litatsinzina, silikhalanso ndiwo wamba. Zimene mdzukulu wafotokozazi zimachitika kawirikawiri kwa mathadzi amene aikira mazira ambiri. Nthawi zina dzira limakanirira panjira. Nthawi zina chikasu cha dzira chimagwera m'mimba n'kuyambitsa matenda ndi madzi. Usiku uno liikeni m'beseni la madzi ofunda ofika pamimba kwa mphindi 15 kapena 20, mulipukute, muligoneke m'katoni pamalo ofunda ndi amdima, madzi akumwa ali pambali. Musalifinye mimba. Ngati ndi dzira lokanirira, likhoza kutuluka pofika m'mawa. Ngati kwacha palibe kusintha, mdzukulu alitengere kwa dokotala wa ziweto kapena ku SPCA, akalione. Akakanena kuti silichira, agogo, lolani kuti livutike tsiku limodzi lokha m'malo mwa sabata. Lipheni mwachangu, pamalo pomwe anzake awiriwo sakuona, ndipo nyama yake musadye. Likwirireni mozama kuti agalu asafukule.