Kuwala kungaulule bwanji khansa yobisala m'magazi?

Khansa ya m'chiwindi imakula mwakachetechete. Ambiri amayamba kumva ululu matenda atafika kale patali. Komabe nthawi zambiri imasiya chizindikiro m'magazi: puloteni yotchedwa AFP. Mwa munthu wamkulu wathanzi, AFP sipitirira ma nanogram pafupifupi 10 pa mililita imodzi ya magazi, koma khansayi ikayamba imatha kukwera kwambiri. Nanogram imodzi ndi galamu mutaigawa ka 1 biliyoni! Ndiye kanthu kochepa chonchi tingakaone bwanji?

Yankho ndi kuwala, kudzera m'kachipangizo kotchedwa SPR biosensor. Mukuikumbukira prism ija ya mu Physics? Mbali yake imodzi amaikuta ndi golide wopyapyala, wa ma nanometer pafupifupi 50. Tsitsi lanu limodzi n'lonenepa kuposa pamenepa maulendo 1,000 ndi kupitirira. Pagolidepo amamatapo ma antibody amene amagwira AFP yokha, monga loko amavomera kiyi wake yekha.

Kenako amawalitsa kuwala koyera mu prism. Kumagunda golide cha kunsi n'kubwerera, koma sikubwerera konse. Ma electron a m'golide amamwa mphamvu ya mtundu umodzi, ndiye pa spectrum pamaoneka kamzere kakuda. Tsopano dutsitsani madzi a m'magazi pamwamba pa golide uja. AFP ikakodwa pa ma antibody, refractive index ya pamalopo imakwera, kamzere kaja n'kusunthira cha kofiira. Kakasuntha kwambiri, ndiye kuti AFP ndi yambiri. Makina oyamba a SPR kugulitsidwa, a Biacore, anatuluka ku Sweden mu 1990, ndipo mpaka pano amagwira ntchito makamaka m'malabotale a kafukufuku.

Koma chenjerani, AFP kukwera si khansa nthawi zonse ayi. Imakweranso mwa mayi woyembekezera, chifukwa mwana wosabadwa amapanga yambiri, komanso mwa wodwala hepatitis. Ndipo khansa zina za m'chiwindi siziikweza n'komwe. N'chifukwa chake dokotala amaunikanso chiwindi ndi ultrasound asananene chilichonse.

Nkhaniyi ndi yathunso, chifukwa hepatitis B, yomwe imayambitsa kwambiri khansa ya m'chiwindi, ndi yofala mu Africa muno. Mwayi wake, katemera wake alipo.

Funso lanu nali: ma antibody aja atati agwirenso puloteni ina yofanana ndi AFP, zotsatira zingasokonekere bwanji? Kambiranani m'kalasi.